Kupikisana pa boti la thanga: zomwe ndaziona pa nyanja kwathu ku Mangochi

Ndikauza munthu kuti ndimapanga mpikisano wa maboti, chimene chimabwera mmutu mwake ndi kupalasa, nde amayamba kundiyang'ana mikono kuti aone ngati ili ndi minofu kkkk. Ayi ndithu. Maboti athuwa alibe injini, nkhafi sitigwiritsa ntchito, chimatiyendetsa ndi mphepo basi ikamenya pa thanga. Ndine mtsikana wa konkuno ku Mangochi, mbali ya ku Makawa, ndipo pa achinyamata amene timapikisana kuno kummwera kwa nyanja ndakhala ndikutenga nambala wani kwa kanthawi ndithu. Sikudzitama ayi, tilipo ochepa kwambiri, ndipo kuchepako ndi kumene kwandilembetsa izi, chifukwa zimandiwawa kuona ana a m'mbali mwa nyanja amene mphepo amaidziwa kuyambira ali kumsana koma sadziwa n'komwe kuti kudziwa kumeneko kuli ndi masewera ake mpaka ku Olympics.

Ine ndinalowamo chifukwa cha mayi anga. Ankachapa pa loji ina ya m'mbali mwa nyanja, nde ndikaweruka kusukulu ndinkapita kukawadikira. Pamchenga panali timaboti takale togadamika, tina tong'ambika pansi, ndipo panali bambo ena amene ntchito yawo inali kuyang'anira mabotiwo ndi kuphunzitsa alendo. Ndinayamba ndi kuwatungira madzi otsukira, kupinda matanga, kukoka boti kumtunda. Tsiku lina anangoti, "Iwe mwana, kusambira umatha?" Ndinati eya bambo. Anandiuza ndisambire mpaka pomwe panali boya, chizindikiro choyandama pamadzi, ndi kubwerako, anandiveka laifu jaketi, basi kuyambira pamenepo ndinkalipira maphunziro ndi thukuta. Amene mukufuna kuyamba, njira yake kuno kwambiri ndi imeneyi. Kuyambira ku Nkopola, Nkhudzi, Monkey Bay mpaka ku Chembe kuli malo ambiri amene ali ndi maboti a thanga ongokhala, ndipo munthu wofuna kuthandiza ntchito kawirikawiri sathamangitsidwa, bola upite mwaulemu ndipo makolo adziwe komwe uli.

Boti loyamba linali Optimist. Ndi kaboti konga bokosi, kutalika kwake mamita 2.3, kutsogolo kwake n'kophwatalala, ndipo ndi ka ana osapitirira zaka 15. Anakapanga ku Florida ku America mu 1947, munthu wake Clark Mills, cholinga chinali choti ana akhale ndi boti losavuta kukhoma komanso lotchipa. Musakanyoze. Akatswiri ambiri a dziko lapansi anadutsira momwemo, ngakhale Ben Ainslie wa ku Britain amene ali ndi mendulo zagolide zinayi za ku Olympics. Kamakuphunzitsa zonse, chifukwa uli wekha, palibe woloza chala, ukalakwitsa kamangoima kapena kudzadza madzi nde uyambe kukapa ndi chigubu chodula kwinaku anzako akupita.

Nditakula ndinasamukira pa Laser, imene pano akuitcha ILCA. Iyi ndi yaitali mamita 4.2, thupi lake ndi limodzi koma matanga alipo a misinkhu itatu: ILCA 4 ya ocheperako thupi, ILCA 6 imene akazi amapikisana nayo ku Olympics, ndi ILCA 7 ya amuna. Ubwino wa mtundu umenewu ndi woti maboti onse amafanana, malamulo salola kuti wina akulitse thanga kapena kusintha thupi la boti, nde wopambana amapambana ndi mutu wake ndi thupi lake. Zoona zake, thanga latsopano ndi lakale zimasiyana, langa ndi lotopa ndipo lili ndi zigamba, koma si kusiyana kofika poti ukhale pansi n'kumalira.

Chinthu choyamba chimene chimazunguza munthu aliyense ndi ichi: boti silingapite molunjika kumene mphepo ikuchokera. Ukaloza komweko thanga limangoti phaphapha, boti n'kuima, pena kubwerera mmbuyo. Nde kuti ukafike kumeneko umapita mopingasa, cha m'ma digiri 45 kuchoka pomwe mphepo ikuchokera, kenako n'kutembenuka kupita mbali inayo, ngati wakabaza akamakwera chitunda atanyamula matumba a chimanga, amapita uku ndi uku koma akukwerabe. Kutembenukako timati tack. Pansi pa boti pali thabwa lolowa mmadzi, daggerboard, limeneli ndi limene limaletsa boti kungokankhidwa cham'mbali. Ndipo mpikisano wambiri umathera pa gawo lokwera mphepoli, chifukwa aliyense amasankha yekha njira, wina kumanzere wina kumanja, mukakumana pa maki, chizindikiro choyandama chimene timazungulira kumene mphepo ikuchokera kuja, ndi pamene mumadziwa amene anaganiza bwino.

Apa ndi pomwe amalume anga amalowera nkhani. Iwowa ndi siginala, amene amatsogola ndi nyali usiku pokopa usipa kuti a chilimira aponye khoka. Sanakwerepo ILCA, sadziwa lamulo ngakhale limodzi la mpikisano, koma zimene anandiphunzitsa ndi zimene zimandipambanitsa. Poyamba sankafuna n'komwe, ankati mwana wamkazi pa nyanja akufuna chiyani. Koma atandiona tsiku lina ndikulimbana ndi boti pafupi ndi doko lawo, madzulo ake anandiitana n'kunena kuti, "Mphwanga, iwe ukuyang'ana boti lako. Boti ulisiye, lilipo. Yang'ana madzi." Anandionetsa kuti mphepo isanakufike imayamba yalemba pamadzi. Pomwe pakuoneka pakuda, pali timafunde ting'onoting'ono tothinana, pamenepo pali mphepo yamphamvu ndipo ikubwera. Pomwe pakunyezimira mosalala palibe kanthu, ukalowapo waima. Anandiuza ndiziyang'ana utsi wa pomwe amayi akuwamba nsomba kumtunda, ndiziyang'ana mabwato a asodzi amene aima pa nangula kuti aloza kuti, ndiziyang'ana mitambo pamwamba pa mapiri a kuseri kwa nyanja uko. Ndipo anati kuseri kwa chilumba, monga Boadzulu, mphepo imasokonekera mtunda wautali kuposa momwe maso akukuuzira, nde osadutsa pafupi poganiza kuti ukudula njira.

Patapita nthawi ndinaonera mavidiyo a makochi akunja pa foni, zomwezo ndendende, kungoti iwo akujambula mivi pa bolodi. Ndinaseka ndekha.

Mphepo za kuno zili ndi nyengo zake ndipo aliyense wofuna masewerawa ayenera kuzidziwa. Mwera umachokera kummwera, umawomba nthawi yozizira, kuyambira cha mu May mpaka August kapena September, ndipo ukayamba umatha masiku usanaleke. Ife a kuno kummwera tili ndi mwayi pang'ono chifukwa mwera umachokera kumtunda kwathu, nde pafupi ndi gombe mafunde amakhala asanakule, amakulira kutsogolo akamapita kumpoto chifukwa nyanjayi ndi yaitali makilomita opitirira 500 ndipo mphepo imayenda nayo m'litali. Koma mwayi womwewo ndi msampha. Mphepo yochokera kumtunda imakukankhira pakati pa nyanja, pagombe pakuoneka bata, ukangotalikira pang'ono wapezeka uli mu zina, ndipo chingwe chikaduka kapena chiwongolero chikathyoka sukubwerera wekha. Mpoto ndi wa nthawi ya mvula, umenewo ndi umene umatibweretsera mafunde akuluakulu kuno, ndipo mphepo yobwera ndi mtambo wa mvula ilibe ulemu, imafika kamodzin'kamodzi. Vuma amachokera kummawa, amakonda mmamawa nthawi yotentha, kenako masana nyanja n'kugona. A zanyengo akalengeza pa wailesi kuti kukubwera mwera wamphamvu, asodzi asapite pa nyanja, uthengawo ndi wathunso. Ine masiku amenewo ndimakhala kumtunda kusoka thanga.

Tsopano mpikisano weniweniwo. Pamakhala laini yoyambira imene siioneka ndi maso, ili pakati pa boti la oyendetsa mpikisano ndi boya. Amaliza chizindikiro kutatsala mphindi 5, china pa 4, china pa 1, kenako yambani. Vuto ndi loti boti lilibe mabuleki, nde mphindi zimenezo aliyense akuzungulirazungulira kufuna malo abwino, kukuwa kuli mkati, ndipo umafunika udutse lainiyo pa sekondi yeniyeniyo uli pa liwiro. Ukadutsa nthawi isanakwane ubwerere ukayambirenso, ndipo akakweza mbendera yakuda, kupezeka kutsogolo kwa laini mu mphindi yomalizayo ndiye kuti resi imeneyo wachotsedwa. Ukachedwa nawonso ndi mavuto, chifukwa matanga a amene ali kutsogolo amakuonongera mphepo, umangoona akupita iwe ukupuma mpweya wawo wotha ntchito. Kunena zoona sitati yabwino ndi theka la mpikisano. Wotchi ya pamkono yotchipa ya pamsika yomwe ili ndi sitopuwotchi ndi yokwana, ine ndimagwiritsa yomweyo, bola isalowe madzi.

Malamulo alipo buku lathunthu la World Sailing, bungwe loyendetsa masewerawa pa dziko lonse, limasinthidwa zaka zinayi zilizonse, koma oyamba kumene gwirani ochepa awa kaye. Maboti awiri akamakumana, amene mphepo ikumumenya kuchokera kumanja, timati ali pa starboard, ndiye mwini njira, winayo apatuke. Mukamva munthu akukuwa "starboard!" ndi zimenezo. Onse akakhala mbali imodzi, amene ali kumtunda kwa mphepo apatukire wakumunsi. Pa maki pali dera la maboti atatu m'litali, amene walowa ali mkati mwa mnzake apatsidwe malo ozungulira. Ukagunda maki umazungulira kamodzi ngati chilango, ukalakwira mnzako umazungulira kawiri, ndipo palibe refu wothamanga nawe ndi wezulo, umadzilanga wekha. Ichi ndimachikonda kwambiri pa masewerawa ngakhale pena chimapweteka, chifukwa aliyense amadziwa amene amabera, ndipo gulu lathu ndi laling'ono, mbiri imamatirira. Mapointi nawo ndi osiyana ndi mpira: woyamba amapeza 1, wachiwiri 2, choncho, ndipo wopambana ndi amene ali ndi ochepa pamapeto. Maresi akachuluka, yoipitsitsa amakuchotsera. Nde kukhala wachitatu, wachiwiri, wachitatu tsiku lonse kumaposa kupambana kamodzi kenako n'kuthera kumchira. Anyamata ambiri amene ndimapikisana nawo ali ndi mphamvu kundiposa ndipo amafuna kupambana resi iliyonse ndi njira zaukatswiri zapangozi, ine ndimangosunga mapointi anga mwakachetechete.

Mphamvu zikufunikabe, ndisakunamizeni. Mphepo ikakula boti limafuna kugona, nde umakola mapazi pa lamba ali mkati, thupi lonse kunja pamwamba pa madzi, hiking imeneyo. Ntchafu zimayaka moto, mimba imanjenjemera, manja amatuluka matuza chifukwa cha chingwe cha thanga. Jimu kulibe kuno, ine ndimathamanga pamchenga mmamawa, kukhala mokhoma msana pakhoma opanda mpando mpaka miyendo ikane, ndipo mchimwene wanga anandikhomera kabenchi ka matabwa kokolapo mapazi kuti ndizipanga hiking pakhomo. Anthu odutsa ankaima kumaonerera, ena kufunsa mayi ngati mwana ali bwinobwino kkkk. Magolovesi okwera mtengo si ofunika, a mphira a ku hadiweya aja kudula nsonga za zala amagwira ntchito bwinobwino.

Kugubuduka ndi gawo la masewera, osachita nako manyazi kapena mantha. Aliyense amagubuduka, ngakhale a ku Olympics. Boti likagona umasambira kupita kuseri, kugwira daggerboard, kuikanikiza ndi thupi lako, boti limadzuka, n'kukwera. Chofunika n'chakuti boti usalisiye zivute zitani. Ngakhale gombe likuoneka pafupi, ngakhale ukudziwa kusambira kuposa aliyense mmudzi mwanu, khala ndi boti, chifukwa limayandama ndipo okufunafuna amaona boti msanga kuposa mutu wa munthu mmafunde. Laifu jaketi ndi nthawi zonse, ndipo apa ana a kunyanja ndi amene timavuta, timadziona ngati nsomba. Koma chitsulo cha pansi pa thanga chija, boom, chikakumenya mmutu potembenuka, kusambira kwako kulibe ntchito. Ndinaonapo mnyamata wodziwa kusambira kwambiri atakomoka kwa kanthawi mmadzi, inamusunga ndi jaketi. Komanso osapita wekha popanda wokuona kumtunda, osasewera pafupi ndi mabango kapena kumene mtsinje wa Shire ukutulukira chifukwa ng'ona ndi mvuu ziliko, ndipo maukonde a anthu muziwalambalala, amenewo ndi chakudya cha banja la wina, chiwongolero chikakola mwaononga zambiri. Likodzo nalo lilipo m'malo ena a m'mbali mwa nyanja, mukaona magazi mu mkodzo kapena mmimba simukumvetsa pitani kuchipatala, mankhwala ake alipo.

Za kukhala mtsikana, ndinene pang'ono chifukwa atsikana ena amandifunsa. Zokamba zinalipo, zambiri. Zoti ndikufuna azungu, zoti sindidzakwatiwa, zoti zovala zake n'zosayenera. Pa zovala, ine ndimavala taiti yaitali, kabudula pamwamba, ndi malaya a manja aatali, zomwe zimatetezanso ku dzuwa chifukwa pamadzi limawotcha kawiri, ndikatsika ndimamanga chitenje. Mnzanga wina wachisilamu amakwera atafunda kumutu bwinobwino ndipo palibe chimamuvuta. Zokambazo zinachepa zokha pomwe anthu anaona kuti sukulu sindinasiye ndipo amalume, amene mawu awo amamveka padoko, ayamba kundiikira kumbuyo. Makolo, ngati mwana wanu akufuna izi, pitani mukaone nokha komwe akuphunzirako, mukadziwane ndi womuphunzitsayo, kusiyana ndi kumvera za pachitsime.

Ndinapitako kukapikisana pa damu kumtunda, ndipo kumeneko ndinaona zina. Ku Lilongwe kuli kalabu ya maboti a thanga ku Kamuzu Dam, anthu ambiri sadziwa. Madzi a pa damu ndi osalala, mafunde palibe, koma mphepo imasinthasintha mbali kamphindi kalikonse chifukwa cha mitengo ndi zitunda zozungulira. Ana ozolowera kumeneko amatembenuka pafupipafupi, kusintha kulikonse amakudyerera, pomwe ife a kunyanja tinazolowera kugwira mbali imodzi mtunda wautali. Anandisiya kumbuyo ndithu tsiku loyamba. Koma tsiku lomwe mphepo inakula, iwo anayamba kugubuduka ine ndili mmalo mwanga. Kuchokera pamenepo ndimayesetsa kuphunzira mmalo osiyanasiyana, pena kuseri kwa phiri dala komwe mphepo ili yopenga.

Ndalama ndiye fupa lake. Boti latsopano la ILCA limachokera kunja ndipo mtengo wake kwa banja ngati lathu n'zosayamba n'komwe. Ngakhale kachitsulo kakang'ono kakathyoka sukapeza mu shopu ku Mangochi boma, umadikira wina wochokera ku South Africa akutengere. Nde taphunzira kukonza: faibagilasi womata ming'alu, telala wa pamsika amene pano amadziwa kusoka thanga, zingwe kuzitembenuza mbali ikatha. Boti limene ndimakwera si langa, ndi lobwereka, ndipo ndimalisamala kuposa chilichonse, kulitsuka, kuliphimba ku dzuwa, osalikoka pamiyala. Mwini wake amandibwerekabe chifukwa cha zimenezo, osati chifukwa cha zikho.

Zimene ndikufuna kutsogoloku zilipo ziwiri, china chapafupi china chapatali. Chapafupi ndi Lake Malawi Sailing Marathon. Mpikisano umenewu unayamba mu 1984, umachitika nthawi ya mwera, maboti amanyamuka kuno kummwera kulowera kumpoto kwa masiku angapo, kugona m'magombe, mtunda wopitirira makilomita 500, ndipo umatchuka kuti ndi umodzi mwa mipikisano yaitali kwambiri ya pa madzi opanda mchere. Maboti ake ndi a mathupi awiri aja, catamaran, monga Hobie 16, okwera anthu awiri. Ndili mwana ndinkaona matanga amitundumitundu akudutsa ndipo ndinkangoti ndi za alendo. Pano ndayamba kuphunzira kukhala wachiwiri pa Hobie, kulendewera kunja pa waya mapazi ali pamphepete pa boti, ndipo liwiro lake likusiyana kutali ndi ILCA, madzi amakumenya kumaso mpaka osaona.

Chapatali ndi kuimira Malawi pa ILCA 6, kuyambira mipikisano ya mu Africa. Olympics ikubwera ku Los Angeles mu 2028, sindikunena kuti ndidzakhalako, njira yake ndi yaitali ndipo malo a Africa ndi ochepa. Koma Deisy Nhaquile wa ku Mozambique anapikisana ku Tokyo pa boti lomweli, ndipo Mozambique ndi tsidya lomweli, kupitirira Chiponde mwafika. Dziko lathu silinapatepo mendulo ku Olympics pa masewera aliwonse, nde palibe anganene kuti nyanja si koyesera. Ndikudziwanso zimene ndikusowa. Nyanja yamchere ili ndi madzi odzadza ndi kuphwa tsiku lililonse, ili ndi mkokomo wokoka boti cham'mbali iwe osazindikira, zinthu zoti kuno kulibe, ndipo sindinayambepo ndaima pa laini ndi maboti makumi asanu. Thupi langanso ndi lopepuka pa thanga la ILCA 6 mphepo ikakula, ndikufunika kuonjezera makilo, nde mayi akusangalala chifukwa kwa nthawi yoyamba ndikupempha nsima yoonjezera.

Pakadali pano Loweruka mmamawa ndimatenga ana angapo a mmudzi mwathu pa Optimist ziwiri zimene tinazimata, atsikana ndi anyamata. Lamulo ndi loti asambire kaye ine ndikuona, abwere ndi chilolezo cha makolo, ndipo wojomba kusukulu sakwera. Kamtsikana kena ka sitandade 5, mwana wa msodzi, sabata yachiwiri yokha kanandiuza kuti, "Achemwali, tisapite uko, mphepo yathawira kuno," ndipo kanali kolondola. Tikufuna thanga lina la Optimist ngakhale lakale, chifukwa limodzi mwa awiriwa telala wanena kuti palibenso posoka.